Dandaulo pa makamera amene sakuoneka pa foni ndikachoka pakhomo

Kwa Mkulu wa Kampani,

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa ndatopa ndi kuimba foni ku ofesi kwanu n'kumangouzidwa kuti "tikutumizirani munthu mawa". Miyezi iwiri yapitayo anyamata anu anadzandiikira makamera anayi ndi bokosi lojambulira, DVR ija. Ndinagula zonsezi pa chifukwa chimodzi chokha: mayi anga ndi okalamba ndipo masana amatsala okha, ndiye ndinkafuna kuti ndili kuntchito ndizitha kusuzumira pa foni n'kuona kuti pakhomo pali bwino. Mpaka lero sindinaonepo kanthu ndikachoka pakhomo.

Tsiku loika lija katswiri wanu anandionetsa zithunzi pa foni yanga titaima pabalaza, ine n'kusayina pepala lanu mtima uli m'malo. Sindinadziwe kuti foniyo inali pa Wi-Fi ya m'nyumba momwemo, pa rauta imodzi ndi bokosilo. M'mawa mwake nditangotuluka pageti, foni itayamba kugwiritsa ntchito data, kagudumu ka pa pulogalamu kanangozungulira osaima mpaka panatuluka uthenga wakuti bokosi silili pa intaneti.

Atabweranso patatha milungu itatu, mnyamatayo anatsegula ma port 80 ndi 554 pa rauta, timakomo tolowera ku bokosi kuchokera kunja, n'kulembetsa dzina la DDNS loti foni izipezera bokosilo pa intaneti, n'kunena kuti tsopano zatheka. Anayesanso ali pampando womwe uja, pa Wi-Fi yomwe ija, basi n'kunyamuka.

Amene anapeza vuto ndi mphwanga amene amakonza makompyuta, ndipo sizinamutengere mphindi khumi. Anatsegula tsamba la rauta n'kundilozera adiresi ya IP imene timalandira kuchokera ku kampani ya intaneti. Imayamba ndi 100.64. Adiresi yotere si yathu tokha yoonekera kunja ayi: kampaniyo imaika makasitomala ambirimbiri kuseri kwa adiresi imodzi, zimene amazitcha CGNAT. Zikatere, ngakhale mutsegule ma port angati pa rauta ya m'nyumba, wochokera kunja safika pa bokosilo, ndipo DDNS imangoloza pa khomo limene si lanu. Pamafunika P2P, yolumikiza foni pojambula QR code ya bokosi, kapena VPN, njira yotetezedwa yolumikizira foni ku netiweki ya kunyumba, kapenanso kupempha adiresi yakeyake ku kampani ya intaneti. Munthu amene amadya za ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku anayenera kuyang'ana adiresiyo asanakhome ndi msomali umodzi womwe.

Koma chimene chandikhumudwitsa kwambiri n'chimene tinapeza titajambula QR code ija. Pulogalamu inatikana, akuti bokosili linalumikizidwa kale ku akaunti ya munthu wina. Munthu wina uti? Ine sindinatsegulepo akaunti, ndipo amene anagwira bokosili ndi antchito anu okha. Ndiye kuti kwa miyezi iwiri pali wina amene akanatha kuona pakhomo panga, kuona nthawi imene timatuluka ndi imene mayi amatsala okha, pamene ine mwini nyumba ndikungoyang'ana kagudumu. Kuwonjezera apo, dzina lolowera likadali "admin" ndipo pasiwedi ndi ya manambala otsatizana imene mwana aliyense angailote. Inu mukudziwa kuposa ine kuti mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda makamera ndi ma DVR ochuluka padziko lonse polowera pa mapasiwedi osasinthidwa ngati amenewa.

Wotchi ya bokosi nayo, magetsi akangothima imabwerera m'mbuyo zaka zambiri, chifukwa simunatchere kuti izitenga nthawi pa intaneti. Kanema wa deti yabodza ndingakaonetse ndani ngati umboni?

Ndikupempha kuti pasanathe masiku 7 mutumize munthu wodziwa ntchito, osati yemwe uja. Achotse bokosili pa akaunti yachilendoyo, ndipo mundilembere kuti inali ya ndani. Atseke ma port amene anatsegulidwa pachabe, pasiwedi ndiike ndekha iye akuyang'ana kumbali. Poyesa, ndidzazimitsa Wi-Fi pa foni n'kukaima kumsewu, ndipo pepala lanu ndidzasayina pokhapokha makamera onse anayi ataoneka ndili kumeneko. Ngati simungathe, bwerani mudzazule katundu wanu, mutseke mabowo a m'khoma, mundibwezere ndalama zanga zonse. Risiti ndi zithunzi za mauthenga a pa foni ndaziphatika pa kalatayi.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa