Kalata yochokera ku Durban pa nkhani ya wailesi ya pakhomo

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse a pakhomo. Ine kuno ku Durban ndili bwino, ndipo ntchito ya utelala ikuyenda ndithu.

Mlongo wanga wandiuza pa foni kuti wailesi ya sola imene ndinatumiza pa basi inafika bwino, koma adzukulu anu anaikamo memore khadi tsiku lomwelo, moti pakhomo pamangomveka nyimbo zawo zokhazokha mpaka batire kutha. Akuti Mayi akapempha kuti amvereko nkhani kapena mapemphero, anyamatawo amangoti adikire nyimbo ithe. Zimenezi zandidandaulitsa, choncho ndaganiza zokufotokozerani mmene ine ndimamvera wailesi tsiku lathunthu kuno, kuti muwawerengere nawonso amve.

Nthawi ya kuno ndi ya ku Mulanje ndi imodzi, kotero kuti 6 koloko ikakwana kumudziko ndiye kuti kunonso yakwana. Ndikadzuka kusanache ndimatsegula Radio Maria ya ku Mangochi kudzera pa intaneti ya pa foni, n'kumapemphera nawo pamene madzi osamba ali pamoto. Kenako ndimasinthira ku nkhani za m'mawa, tsiku lina pa MBC Radio 1, tsiku lina pa Zodiak. Ndimachita dala kusinthasinthako. Bambo mukukumbukira kuti kuchokera mu 1964 mpaka m'zaka za m'ma 1990 tinali ndi MBC yokha, ndipo chimene yanena chinali chomwecho, koma lero nkhani imodzi munthu atha kuimva pawiri kapena patatu n'kudziweruzira yekha.

Nkhani zimenezi si zongotayira nthawi ayi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa miyala ndi matope m'mapiri a Mulanje, Phalombe ndi Soche, mafoni anu sankapezeka, ndipo ine ndinkagona wailesi ili kukhutu kumvetsera mayina a madera amene akokoloka ndi a misasa kumene anthu athawira. Mu Novembala chaka chomwecho, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinamva pa wailesi, ndipo n'chifukwa chake ndinakuuzani kuti mugule feteleza msanga mitengo isanakwere m'masitolo a pa boma. Memore khadi siingamuuze munthu zinthu zotere, pakuti imangobwereza zimene mwini wake anaikamo kale.

Ndikafika kuntchito foni ndimaibisa m'thumba, chifukwa mu shopu yathu mumalira Ukhozi FM, wailesi ya Chizulu ya bungwe la SABC imene ili mu mzinda uno momwe, ndipo ndi imene ili ndi omvera ambiri kuposa ina iliyonse m'dziko lino. Poyamba inkandisokosa chabe. Pali nyimbo zawo za maskandi zoimbidwa ndi gitala, pali nyimbo zauzimu, nkhani, mpira, ndiponso anthu oimba foni kukambirana za malobola, za ulova ndi za mavuto a m'banja. Koma chimene chinandigwira mtima ndi masewero awo a pa wailesi. Sewero likayamba, amayi amene ndimasoka nawo amachepetsa liwiro la makina kuti mawu asawaphonye, ndipo likatha amayamba kutsutsana za amene walakwa ngati kuti ndi nkhani ya mnansi wawo. Ine ndinkafunsa kuti wanena chiyani uyu, akulirira chiyani uyo, iwo n'kumandifotokozera akuseka, ndipo Chizulu chimene ndimalankhula lero ndi makasitomala komanso m'mataxi ndinachitola kwambiri m'masewero amenewa. Zinandikumbutsa mmene tinkazungulirira wailesi ya mabatire ija madzulo kudikira Kapalepale ndi Sewero la Sabata Ino, Bambo mutaletsa aliyense kutsokomola.

Mwina simudziwa kuti dziko lino lilinso ndi wailesi yolankhula chilankhulo chathu. Channel Africa ya ku Johannesburg, imene kale inkatchedwa Radio RSA, ili ndi mapologalamu a Chinyanja, ndipo nthawi zina ndimaimvera popuma masana.

Gawo limene ndikufuna kuti adzukulu anu alisamale kwambiri ndi la maphunziro. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, boma linkaphunzitsa ana a pulayimale kudzera pa wailesi, monganso mmene pologalamu ya Tikwere inkachitira m'makalasi zaka za m'mbuyomo. Palinso mapologalamu a zaulimi amene alangizi amafotokozamo za mbozi zowononga chimanga, kapangidwe ka manyowa ndi nthawi yoyenera kubzala malinga ndi zimene a zanyengo alengeza. Mlangizi mmodzi sangafike pamunda uliwonse, koma mawu ake pa wailesi amafika, ndipo mnyamata amene akufuna kudzalandira munda wa agogo ake ayenera kumamva zimenezi. Sindikunena kuti zonse za pa wailesi n'zabwino. Anthu otsatsa mankhwala amene akuti amachiza matenda aliwonse, kunonso alipo ambiri, ndipo Mayi musamatumize ndalama kwa aliyense chifukwa choti walankhula mokoma pa wailesi.

Usiku ndikaweruka ndimamvera Nkhani za M'maboma, zimene zimandiseketsa ndekha m'chipinda mpaka anzanga kudabwa, ndipo sindigona ndisanamve mauthenga a maliro, poopa kuti wachibale angaikidwe m'manda ine osadziwa.

Pempho langa tsono ndi ili. Wailesi izikhala m'manja mwa Bambo. M'mawa izitsegulidwa pa mapemphero ndi nkhani, masana iziikidwa padzuwa kuti batire idzaze, ndipo anyamata azipatsidwa nthawi yawo ya nyimbo akabwera kusukulu ndi kumaliza ntchito za pakhomo. Madzulo memore khadi izichotsedwa kuti banja lonse limvere limodzi nkhani ndi sewero. Ngati MBC kapena Zodiak sizikumveka bwino chifukwa cha phiri, kokani mlongoti wonse ndipo muyesenso Mzati FM ya ku Mulanje komweko. Akatsatira zimenezi mpaka kumapeto kwa teremu, ndidzawatumizira kasipika kawokawo ka nyimbo pa Khirisimasi.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi akhristu onse a ku limana kwathu.

Ine mwana wanu.