Tisanataye simukhadi, tiyambe tawerengera

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mkangano womwe sukutha m'maminibasi ndi m'malo a ntchito, wakuti pakati pa TNM ndi Airtel ndi kampani iti yotchipa, komanso ngati munthu angapindule atasiya ina n'kusamukira ku inzake. Ine ndine kalipentala ku Mchesi, mu mzinda wa Lilongwe, ndipo kwa ine foni ndi chida cha ntchito ngati macheka ndi hamala, chifukwa makasitomala amanditumizira zithunzi za mipando yomwe akufuna pa WhatsApp, dipoziti amalipirira pa foni, ndipo matabwa akafika kwa ogulitsa ndimamvera pa foni pomwepo.

Miyezi ingapo yapitayo mnyamata yemwe ndikumuphunzitsa ntchito anabwera ndi nkhani yakuti kampani inayo yatulutsa bandulo yotsika mtengo kwambiri, ndipo ankandiseka kuti ndikutaya ndalama chifukwa chokakamira nambala yakale. Ndinatsala pang'ono kumumvera. Chomwe chinandibweza n'chizolowezi cha ntchito yathu, choti thabwa sulidula usanaliyeze. Ndinatsegula tsamba lakumapeto kwa kope lomwe ndimalembamo miyezo ya zitseko ndi makabati, ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkalemba tsiku lomwe ndagula mayunitsi kapena bandulo, ndalama zake, ndi zomwe zatsala pa nthawi yomwe banduloyo ikutha mphamvu. Zomwe ndinapeza m'kopemo n'zomwe zandichititsa kulemba kalata ino, chifukwa ndikuona kuti ambirife timayerekeza mitengo yolembedwa pa zikwangwani m'malo moyerekeza zomwe tagwiritsadi ntchito.

Chomwe chinkandidyera ndalama zambiri sichinali dzina la kampani ayi, koma masiku a bandulo. Ndinkakonda kugula ya tsiku limodzi poti ndalama yake imaoneka yochepa, koma tsiku lomwe ndatanganidwa ndi kupala matabwa, foni imakhala m'thumba la ovolosi mpaka madzulo, ndipo theka la data yomwe ndagula limapsa ndisanaikhudze. Tiyerekeze, mongopereka chitsanzo, kuti munthu wagula 1GB pa K1,000 ndipo nthawi yake yatha atagwiritsa ntchito 400MB yokha. Ameneyo walipira K2,500 pa 1GB iliyonse, ngakhale chikwangwani chinamuuza K1,000. Mnzake yemwe wagula ya mwezi pa mtengo wooneka wokwera, koma n'kuimaliza yonse, akhoza kukhala kuti ndiye wagula motchipa. Masamu amenewa ndi omwewo ku kampani iliyonse, ndipo munthu wosamuka osasintha kaguridwe kake amangonyamula vuto lake n'kukalitula kutsidya.

Palinso mabandulo omwe amaoneka aakulu pamene ndi a usiku okha, kapena a WhatsApp ndi Facebook basi. Kasitomala akakutumizira adiresi ya pa intaneti kuti ukaone mtundu wa bedi lomwe akufuna, ukangoidina watuluka mu bandulo, ndipo foni imayamba kudya mayunitsi omwe unasungira kuimba. N'zoona kuti mu 2020, anthu atafuula kwambiri pa za kukwera mtengo kwa data, makampani anatsitsa mtengo wolowera pa intaneti wopanda bandulo, komabe mpaka lero njira imeneyi ndi yodula kuposa ya bandulo. Ngongole ya mayunitsi nayonso, kaya ndi Kutapa kaya ndi Pasavute, ili ndi kachiwongola dzanja kake komwe sitikawerengera poti amadula tisanazindikire.

Pa nkhani ya mphindi zoimbira, funso loyamba si lakuti akupereka mphindi zingati, koma lakuti umaimbira ndani. Nthawi zambiri mphindi zochuluka zomwe zimalengezedwa ndi zoimbira anzako a kampani yomweyo, pomwe zoolokera kwina zimakhala zochepa kapena zodula. Njira yapafupi n'kutsegula mndandanda wa mafoni omwe waimba sabata yatha n'kuwerenga kuti oyamba ndi 088 ndi angati ndipo oyamba ndi 099 kapena 098 ndi angati. Ine nditawerenga ndinapeza kuti mkazi wanga, ogulitsa matabwa ndi woyendetsa lole yemwe amanditengera katundu onse ali mbali yomwe ndili kale, kotero kusamuka kukanachititsa kuti pafupifupi foni iliyonse ya ntchito ikhale yowoloka.

Koma chomwe chinathetsa mkangano m'mutu mwanga chili kumudzi kwathu ku Dedza. Mayi anga ndi okalamba, ndipo kafoni kawo ka mabatani kamakhala m'jumbo yomwe imapachikidwa pa msomali pafupi ndi zenera la kuchipinda, chifukwa m'nyumba monsemo ndi pamalo okhawo pomwe netiweki imagwira bwino. Ikalira, mdzukulu amathamanga kukayankha ali chiimire pomwepo, kenako n'kuwagwira dzanja agogo ake kuti afike pazenerapo. Pa Khirisimasi ndinapita ndi simukhadi ya kampani inayo kuti ndiyese, ndipo pa msomali womwewo foni sinaonetse ngakhale kamzere kamodzi; ndinachita kuyenda mpaka kumsewu kuti uthenga utuluke. Sindikunena kuti kampani ina ndi yabwino kuposa inzake, pakuti mlamu wanga wa kunyanja amadandaula zosemphana ndi zanga, kwawoko yomwe imagwira ndi inayo. Ndikungonena kuti bandulo yotchipa yomwe sikugwira kwanu ndi ndalama yotayika yonse, ndipo zimenezi palibe chikwangwani chomwe chingakuuze. Kubwereka simukhadi ya mnzako n'kukaiyesa kunyumba, kuntchito ndi kumudzi n'kofunika kuposa kumvetsera zotsatsa za pa wailesi.

Masiku ano simukhadi ndi chikwamanso. Kuyambira pomwe Airtel Money inabwera mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ndalama zambiri za ife amalonda ang'onoang'ono zimadutsa pa foni, ndipo ngakhale tsopano n'zotheka kutumiza kuchoka ku chikwama china kupita ku chinzake, yemwe akuyerekeza mitengo ayenera kuonjezapo zomwe amadulidwa potumiza ndi potapa, komanso kuona kuti ejenti wapafupi yemwe amakhala ndi ndalama zokwanira ndi wa mbali iti. Kwa ine zodulidwa potapa za mwezi umodzi zinaposa kusiyana konse kwa mitengo ya mabandulo komwe mnyamata uja ankandinyadira nako.

Tisaiwalenso kuti gawo lina la mtengo silichokera ku kampani. Pa mayunitsi pali msonkho wa VAT, ndipo mu 2015 boma linaika msonkho wina wa 10 peresenti pa mauthenga a pa foni ndi pa data. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makampani onse awiri anakhudzidwa chifukwa zipangizo zawo amagula kunja ndi madola, ndipo magetsi akazima nsanja zawo zimadalira majenereta a dizilo. N'chifukwa chake mitengo yawo imakwera motsatizana, ndipo pa msika wa ogulitsa akuluakulu awiri okha, kusiyana komwe ukuona lero kukhoza kutha mwezi wamawa wina akatulutsa bandulo yatsopano.

Apa ndi pomwe ndikufuna kutembenukira ku bungwe la MACRA, lomwe lili ndi udindo woyang'anira makampaniwa. Chomwe chimatimanga ife ogula si chikondi pa kampani koma nambala. Yanga inalembedwa ndi penti pa chikwangwani cha shedi yanga, ili kubanki, ili pa WhatsApp, ili m'mafoni a makasitomala omwe ndinawapangira makabati zaka khumi zapitazo ndipo amandikumbukira mwana wawo akamakwatira. Pano kusintha kampani n'kusinthanso nambala, ndipo kwa munthu wa bizinesi kumeneko n'chimodzimodzi kusamutsa shedi usiku osauza aliyense. Abale athu omwe ali ku Johannesburg akudziwa kuti ku South Africa munthu amasamuka ndi nambala yake kuchokera mu 2006, ndipo ku Kenya ndi ku Ghana zimenezi zinayamba mu 2011. Kuno kwathu kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, kutanthauza kuti mwini wa nambala akudziwika bwino lomwe. Nanga chikuletsa n'chiyani kuti nambalayo ikhale ya mwini wake m'malo mokhala ya kampani? Tsiku lomwe kasitomala adzathe kuchoka osataya kanthu, makampani adzayamba kupikisana pa mtengo weniweni, osati pa mayina okoma a mabandulo.

Pempho langa lachiwiri ndi laling'ono ndipo silifuna makina atsopano: bandulo iliyonse pomwe ikutsatsidwa, kaya pa chikwangwani kaya pa mndandanda womwe umatuluka ukadina *301# kapena *200#, pazilembedwa poyera mtengo wa 1GB kapena wa mphindi imodzi, masiku ake, ndi maola omwe imagwira ntchito, ndipo zilembedwenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Bungwe la CAMA, lomwe limalankhulira ogula, likhoza kuthandiza posindikiza mitengo ya makampani onse awiri pa tsamba limodzi nthawi ndi nthawi, kuti ngakhale wosadziwa masamu ambiri aone yekha.

Popeza zimenezi kulibe, ambirife tathawira ku mafoni a masimukhadi awiri, ndipo n'chifukwa chake a itel ndi Tecno amayenda malonda. Inenso ndachita chimodzimodzi, ngakhale ndikudziwa kuti njira imeneyi ili ndi mtengo wake, chifukwa ukapanda kusamala umadyetsa pakamwa pawiri, mabandulo onse awiri n'kumapsa pamodzi, ndipo simukhadi yomwe yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, nambala yake n'kupatsidwa kwa munthu wina. Nambala yakale ndaisiyira zoimba, ndalama za makasitomala ndi mayi anga pa zenera paja; yatsopanoyo ndimangoikamo bandulo ya data ya mwezi, ndipo za tsiku limodzi ndinasiya. Mwezi wotsatira kope lija linaonetsa kuti ndalama zomwe ndawononga pa foni zatsika ndithu, ndipo mnyamata uja, yemwe anasamuka mothamanga, wabwereka tsamba lina m'kopemo kuti nayenso ayambe kulemba zake.

Kalipentala,
Mchesi, Lilongwe