Tsiku lotsika sitima ku Cape Town muzikonza poyang'ana mphepo

A Mkonzi,

Abale athu ena okhala ku South Africa, ngakhalenso ochokera kumudzi, ayamba kukwera sitima zapanyanja zokayenda, monga zochoka ku Cape Town kupita ku Walvis Bay ku Namibia n'kubwerera. Masiku a m'sitima amawakonzera bwino, koma tsiku lotsika ambiri amaliwononga. Tiloleni tiwathandize kudzera m'nyuzipepala yanu.

Zovuta zimayamba usiku woti mawa mukutsika. Antchito a m'sitima amapempha kuti masutikesi aakulu aikidwe panja pa chitseko cha chipinda usiku womwewo, atamangidwa kachikwangwani ka mtundu wosonyeza gulu limene mutsike nalo. Sutikesiyo mudzaionanso padoko basi. Choncho pasipoti, mankhwala, chaja ya foni ndi zovala za mawa zikhale m'kachikwama kam'manja. Usiku womwewo onaninso bilu ya zonse mwagula m'sitima, chifukwa m'mawa pamzere wokadandaula pamakhala anthu ochuluka zedi. Chipinda amafuna muchituluke cha m'ma 8 koloko, koma kutsika n'kwa gulu ndi gulu, ndipo ngati mukuchokera kunja kwa dzikolo pali a imigireshoni. Musadalire kuti mukhala mumzinda 10 koloko isanakwane.

Chachikulu ndi mphepo. Kuyambira Novembala mpaka Marichi, nyengo yomwe sitimazi zimachuluka, ku Cape Town kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene eni dera amaitcha Cape Doctor. Aliyense wodziwa mwera wa pa Nyanja ya Malawi amvetsa zimene tikunena. Ikakula, sitima imachedwa kulowa padoko. Tizikwere ta pachingwe topita pamwamba pa Table Mountain, tomwe tinayamba kuyenda mu 1929, timaimitsidwa. Maboti opita ku chilumba cha Robben Island nawonso amalephereka nyanja ikawinduka. Zinthu ziwiri zimene aliyense amazilakalaka ndi zomwenso mphepo imatseka poyamba.

Ndiye sankhani chimodzi, osati zonse ziwiri. Ulendo wa ku Robben Island, kumene Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, umatenga maola atatu ndi theka kapena anayi kupita ndi kubwera. Ubwino wake boti limanyamukira ku Nelson Mandela Gateway, pa V&A Waterfront pomwepo, pafupi ndi pamene sitima imakocheza. Matikiti muguliretu pa intaneti masabata angapo m'mbuyo chifukwa mu Disembala amatha msanga, ndipo tengani boti la kumasana, osati loyamba la m'mawa lomwe lingakusiyeni mukadali pamzere. Phiri la Table Mountain, lotalika mamita 1,086, kukwera kwake pa kachikwere ndi mphindi zisanu zokha, koma mzere ukhoza kudya ola lathunthu. Musanayitane galimoto, onani pa tsamba la pa intaneti la oyendetsa tizikwereto ngati atsegula, ndipo dzutsani maso: ngati pamwamba pakuta mtambo, mukalipira kukaona nkhungu. Tengani juzi, kumwambako kumazizira ngakhale pansi kukutentha.

Mphepo ikakana zonse, tsiku silinafe. Pakati pa mzinda pamayendeka wapansi: paki ya Company's Garden, District Six Museum mumsewu wa Buitenkant yomwe imafotokoza mmene boma la tsankho linasamutsira anthu oposa 60,000 kuchoka m'dera la District Six, linga la Castle of Good Hope lomangidwa pakati pa 1666 ndi 1679, ndiponso nyumba za mitundumitundu za ku Bo-Kaap. Foni musamaionetse mumsewu.

Katundu ndiye amasokoneza anthu ambiri. Simungakoke sutikesi ya makilogalamu 20 m'boti kapena m'misewu yokwera ya ku Bo-Kaap. Funsani mukadali m'sitima ngati akugulitsa ulendo wa basi woona mzinda womathera pabwalo la ndege, chifukwa katundu amayenda nanu. Apo ayi, lipirani hotela ya usiku umodzi, musiye katundu pamenepo.

Ifeyo tikuona kuti kugona usiku umenewu ndiyo njira yabwino, makamaka kwa obwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene amadutsira ku Johannesburg, ulendo wa maola awiri pandege. Sitima ikachedwa, ndege yoyamba imakusiyani ndipo yachiwiri imatayika nayo. Ngati n'kosatheka kugona, gulani tikiti ya ndege ya madzulo. Bwalo la ndege lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kudzera mumsewu wa N2, ndipo anthu akayamba kuweruka kuntchito cha m'ma 4 koloko, ulendo wa theka la ola umasanduka wa ola kapena kuposerapo. Nyamukani mumzinda 3 koloko isanakwane.

Owerenga anu,
Cape Town