Tisamakongoletse kompyuta mpaka akuluakulu kulephera kuona

Akonzi,

Ndipatseniko mpata mu nyuzipepala yanuyi ndinenepo kanthu ka ma kompyuta, kamaoneka kakang'ono koma kwathu kuno ku Chinamwali katisowetsa mtendere mwezi wathawu.

Bambo anga ndi mphunzitsi wopuma ndipo ndi mlembi ku mpingo kwathu, ndiye tinawagulira laputopu ya kaunjika kuti azilemberapo malipoti. Mnyamata amene anatiikira Windows 11 anaikongoletsa kwambiri, chithunzi cha phiri kumbuyo, kamzere kapansi kaja koonekera ngati galasi, chilichonse mbuu. Ine ndinasangalala nazo. Koma maso a bambo ndi ofooka, amavala magalasi, ndiye tsiku lina atsegula Word ndi foda ya mafailo nthawi imodzi, zonse zoyera, malire a mawindo awiriwo osaoneka, anadina X ya windo yolakwika, kafunso kosevera kaja sanakawerenge bwino, lipoti la maola atatu linapita lonse. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anangoti "mwanangu, bola kope langa lija". Zinandipweteka mumtima chifukwa vuto silinali iwo ayi.

Mafashoni agalasiwa si achilendo. Anabwera ndi Windows Vista mu 2007, amati Aero, ndipo Windows 7 ya mu 2009 inapitiriza, mphepete mwa windo mumaonekera zakumbuyo koma malire ake anali onenepa moti munthu umadziwa pogwira ndi mausi. Windows 8 mu 2012 inachotsa galasi m'mphepetemo, ndiye kuchokera pa Windows 10 malire anangotsala kamzere kopyapyala ngati ulusi. Achinyamata a ku Chirunga maso akuthwa sadandaula, nanga agogo athu?

Chomwe ndinachita nchosavuta, mphindi ziwiri basi. Pitani pa Settings, kenako Personalization, kenako Colors, muzimitse pomwe alemba Transparency effects. Pomwepo pansi pang'ono pali poyatsa kuti mtundu womwe mwasankha uzioneka pamutu pa windo ndi m'malire mwake, ine ndinasankha buluu wakuda. Pano windo yomwe bambo akugwirapo ntchito imakhala ndi mutu wa buluu, inayo imakhala yotuwa, sasokonezanso ngakhale mapulogalamu ena samvera bwinobwino amakhala ndi mtundu wawowawo. Kwa amene maso avutiratu pali Contrast themes pansi pa Accessibility, zilembo zimawala pamalo akuda bii, bambo anayesa anati zikuwalira mopyola ndiye tinabwerera pa buluu uja.

China anthu sadziwa, galasi limeneli si laulere. Kuti kompyuta ionetse zakumbuyo mosaoneka bwino choncho imagwira ntchito yowonjezera, nchifukwa chake Windows yokha imazimitsa zimenezi ukayatsa njira yake yosungira moto wa batire. Kuno magetsi akathima timadalira batire yotopa kale ya laputopu yoti inagwira ntchito zaka zambiri kunja isanafike m'manja mwathu, ndiye kuwonongera moto pa zokongoletsa ine sindikuona nzeru yake. Sindikunena kuti mukazimitsa makina akale asanduka atsopano, ayi, koma yathuyi inapepukako potsegula Start.

Pempho langa likupita kwa anyamata okonza ndi kugulitsa ma kompyuta mu tauni muno, kaya ku Matawale kaya pafupi ndi msika waukulu, komanso amene mumaphunzitsa kompyuta m'masukulu ang'onoang'ono aja. Musanapereke makina mufunseni mwiniwake kuti akuona bwino? Mutsegulireni mawindo awiri, muone ngati akutha kuloza pomwe ina yathera. Mumatiphunzitsa kusintha chithunzi cha pa sikirini tsiku loyamba lomwe koma za malire a windo palibe amatchula, chonsecho ogula ambiri masiku ano ndi azibusa, aphunzitsi opuma, amayi a mabanki m'khonde olemba ndalama za gulu, anthu oti kulakwitsa kamodzi kokha amataya mtima nkuisiya kompyutayo mu kabati.

Bambo analilembanso lipoti lija, linawatengera madzulo awiri, ndipo Lamlungu analiwerenga ku mpingo. Ndawaphunzitsanso kudina Ctrl ndi S, kuti aziseva zomwe alemba, akamaliza ndime iliyonse.

Wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba