Arthur Lewis sananene kuti anthu ataye makasu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani munatulutsa ija yokamba za achinyamata osowa ntchito m'mayiko osauka. Nkhaniyo inali bwino ndithu, koma pomwe olembawo anatchula katswiri wa zachuma Arthur Lewis nkunena kuti mkuluyu ankaphunzitsa zoti anthu angochoka kuminda kupita kumafakitale basi chitukuko chafika, ine mtima unandiwawa pang'ono. Ndaphunzitsa za chuma kwa zaka zingapo ndipo zimenezi ndimazimva chaka ndi chaka, ana asukulu amaloweza kachithunzi ka mizere kofotokoza mfundo ya Lewis, kulemba mayeso, kukhoza bwinobwino, koma pepala lenileni la munthuyo sanaliwerenge ngakhale tsamba limodzi. Ndiye bodza limangoyenda chonchi mpaka kufika mu nyuzipepala.

Poyamba timudziwe kaye munthuyo. Lewis anabadwa mu 1915 ku Castries pa chilumba cha Saint Lucia ku Caribbean, nthawi imeneyo chili m'manja mwa Angelezi. Makolo ake onse anali aphunzitsi, bambo anamwalira iye ali ndi zaka 7, mayi nkutsala okha ndi ana aamuna asanu. Sukulu anamaliza ali ndi zaka 14 zokha, nkuyamba ukalaliki m'boma podikira kuti msinkhu ukwane woti alembe mayeso a sikolashipu, yomwe anaipata mu 1932. Iyeyo mtima wake unali pa uinjiniya, koma anaona yekha kuti boma la atsamunda ngakhale makampani a azungu sakanalemba ntchito injiniya wakuda, ndiye anangopita ku London School of Economics kukachita za malonda. Mu 1937 digiri yapamwamba zedi, mu 1938 wayamba kale kuphunzitsa pomwepo, munthu wakuda woyamba kutero pa sukuluyo, PhD mu 1940, ndipo pofika 1948 anali pulofesa ku Manchester ali ndi zaka 33. Komanso PhD yakeyo sinali ya chitukuko ayi, inali ya zamafakitale ndi mitengo ya zinthu, za mayiko osauka anazilowa pambuyo pake.

Iye mwini anafotokoza kuti panali mafunso awiri omwe ankamusowetsa tulo. Loyamba, bwanji chitsulo chili chodula pomwe khofi ndi wotchipa, pamene onse wolima khofi ndi wosungunula chitsulo amakhetsa thukuta? Lachiwiri, bwanji ku Britain zaka zoyambirira za mafakitale zija, pafupifupi zaka 50 zathunthu, malipiro a anthu wamba sanasunthe kwenikweni pomwe phindu la eni mafakitale linkangokwera? Yankho akuti linamubwerera mu Ogasiti 1952 akuyenda pansi mumsewu ku Bangkok, ndipo mu 1954 linatuluka pepala lija mu magazini ya The Manchester School, lokamba za chitukuko pamene anthu ofuna ntchito ali osatha.

Mfundo yake siyovuta. M'dziko losauka muli mbali ziwiri, ina ya makampani, migodi, maesiteti, komwe kuli makina ndi malipiro a pamwezi, ina ya anthu ongodzipezera chakudya cha lero. Ndipo apa olemba anu anaphonya, mbali yachiwiriyi si alimi okha, Lewis anawerengeramo aganyu apadoko, ogulitsa timalonda ting'onoting'ono khumi pamalo poti mmodzi akanakwana, antchito am'nyumba ochuluka kuposa ntchito yake, ndi amayi omwe sanalowe ntchito yolipidwa. Chifukwa gulu limeneli ndi lalikulu, bwana wa fakitale safunika kukweza malipiro kuti apeze anthu, amangowonjezera pang'ono pamwamba pa zomwe munthu amapeza kumudzi, Lewis anayerekeza ngati 30 peresenti, mzere wadzadza pageti. Malipiro akaima chonchi phindu limakula, ndipo ngati phindulo libwerera kukagula makina ena ndi kulemba anthu ena, gudumu layamba kuzungulira mpaka tsiku lomwe anthu otsalira aja atha ndipo malipiro ayamba kukwera. Ngati. Mawu amenewo ndi omwe anthu amadumpha. Iye ankati vuto lalikulu la chitukuko ndi kumvetsa mmene dziko losunga 4 kapena 5 peresenti ya chuma chake limasandukira losunga 12 mpaka 15 peresenti, ndipo anaona kuti eni malo ongodya lendi sachita zimenezo, ndalama zawo zimathera pa manyumba ndi madyerero.

Ambiri amalekera pamenepo, koma pepalalo likupitirira, ndipo mbali yotsalayo ndi yomwe ine ndimaikonda. Munthu wa ku Caribbean ameneyu ankadziwa shuga. Anaonetsa kuti ulimi wa nzimbe unapita patsogolo kwambiri, zokolola pa ekala kuchuluka pafupifupi katatu pa zaka 75, kuposa mmene tirigu anachitira, koma odula nzimbe anali akuyendabe opanda nsapato nkumagona m'zisakasa pomwe olima tirigu ku mayiko ngati Canada ndi Australia anali pakati pa anthu okhala bwino padziko lonse. Chifukwa chiyani? Chifukwa malipiro a wodula nzimbe samachokera pa kuchuluka kwa shuga, amachokera pa zomwe m'bale wake wotsala kumudzi amakolola pa kamunda ka chakudya. Kamundako kakamabereka zochepa, munthu amavomera ntchito ya pa esiteti pa mtengo uliwonse, ndiye phindu lonse la luso latsopano limathera kwa wogula shuga wotchipa ku London. Ndi yankho la khofi ndi chitsulo lija limenelo. Kutanthauza kuti ukafuna kukweza malipiro a wantchito wa pa esiteti kapena mufakitale, yamba wakweza zokolola za mlimi wa chakudya. Eti munthu wonena zimenezi nkumuika m'gulu la onyoza khasu?

Ndipo sanabise mawu pa atsamunda. M'pepala lomwelo analemba poyera kuti olemba anthu ntchito amapindula mlimi wamng'ono akamakhala wosauka, ndipo maulamuliro achitsamunda mu Africa ankasaukitsa dala ulimi wa anthu wamba, kulanda malo, kugwiritsa ntchito yokakamiza, kuika misonkho kuti munthu athawe kumudzi akasake ndalama kwa mzungu. Izi analemba mu 1954, mayiko ambiri a mu Africa asanalandire ufulu, iye ali pulofesa mkati mwa England momwemo.

Chaka chimodzi pepalalo lisanatuluke, mu 1953, boma la Gold Coast linamupempha lipoti la mmene angayambitsire mafakitale, iye nkuwauza kuti choyamba penipeni ndi kukweza ulimi wa chakudya, apo ayi katundu wa mufakitale adzagula ndani. Dzikolo litakhala Ghana mu 1957 anapita kukakhala mlangizi wa Kwame Nkrumah pa zachuma, koma sanakhalitse, pofika kumapeto kwa 1958 anali atachoka. Anasemphana pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, Lewis ankaona kuti zikuthera pa zinthu zongofuna kutchukirapo, Nkrumah naye ankati zisankho za ndale ndi zake iyeyo osati za mlangizi. Kaya ndani ankalondola pa chilichonse, koma ine ndimamulemekeza poti sanakakamire mpando. Kuchoka apo anakatsogolera yunivesite ya West Indies kuyambira 1959, kenako Princeton kuyambira 1963 kwa zaka 20, pakatipo nkukakhala pulezidenti woyamba wa Caribbean Development Bank mu 1970.

Sindikunena kuti zonse anakhoza ayi. Theodore Schultz wa ku Chicago anamutsutsa mu 1964 pa zoti ungachotse anthu kumunda zokolola osatsika, anatenga chitsanzo cha mliri wa chimfine wa 1918 mpaka 1919 ku India, pomwe anthu mamiliyoni anafa ndipo malo olimidwa anachepadi, kusonyeza kuti manja aja sanali ongokhala. Chondisangalatsa nchoti mu 1979 awiriwa anagawana mphoto ya Nobel, otsutsana okhaokha. Kenako John Harris ndi Michael Todaro mu 1970, ataona zomwe zinkachitika ku Kenya, anaonetsa kuti munthu sadikira kuti ntchito ipezeke kaye kuti anyamuke, amatsata mwayi woti mwina aipeza, ndiye ukatsegula ntchito zana mtauni amabwera anthu oposa zana, ulova mtauni nkukula m'malo mochepa. Apa kunena zoona chithunzi cha Lewis chinali choyera kwambiri, mzinda weniweni ndi wa fumbi kuposa pamenepo. Komanso masiku ano makina a mufakitale amafuna anthu ochepa, Dani Rodrik wa ku Harvard walemba zoti mayiko ambiri a ku Latin America ndi Africa ntchito za mufakitale zikuyamba kutsika iwo asanalemere nkomwe, ndiye anthu ochoka kumunda akungothera pa malonda a m'mbali mwa msewu, omwe Lewis ankawawerenga ngati mbali yosauka yomwe ija, kungosintha malo ogona basi.

Anthu amakonda kutchula China ngati umboni woti mafakitale okha ndi okwanira. Zoona, anthu mamiliyoni ambirimbiri anachoka kumidzi kupita ku Shenzhen ndi mizinda ina ya kunyanja, malipiro anakhala otsika kwa nthawi yaitali, phindu linabwereradi mu makina ndi misewu, ndipo cha m'ma 2004 mafakitale a ku Guangdong anayamba kudandaula kuti antchito akusowa, akatswiri nkuyamba kukangana ngati nthawi yotembenuka ya Lewis ija, yomwe anthu otsalira amatha malipiro nkuyamba kukwera, yafika. Koma China sinayambire pa fakitale. Kusintha kwa 1978 kunayambira kumunda, mabanja anapatsidwa minda yoti azilima okha nkugulitsa zotsala, boma linakweza mitengo yogulira mbewu, zokolola zinakwera kwambiri pofika 1984, ndipo mafakitale ang'onoang'ono a kumidzi anaphukira pa ndalama zimenezo. Dongosolo lake ndi lomwe lija Lewis anauza a Gold Coast mu 1953.

Mkuluyu anamwalira mu 1991 ku Barbados, anaikidwa kwawo ku Saint Lucia pa koleji ya dzina lake, ndipo nkhope yake ili pa ndalama ya 100 dollars ya ku Eastern Caribbean, ndiye sangabwere kudzadziyankhira yekha. Pempho langa kwa inu akonzi ndi loti muwauze olemba nkhani ija awerenge pepala la 1954 lija mpaka kumapeto, silifika masamba 60 ndipo masamu ake ndi ochepa kwambiri, madzulo awiri atha. Akapezamo tsamba lomwe Lewis akuti ulimi wa chakudya ulibe ntchito, alitchule nambala yake mu nyuzipepala yomweyi, ine ndidzalembanso kalata yopepesa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa zachuma