Kalata Yothokoza Antchito a pa Njanji ya ku Nayuchi

Kwa Akuluakulu a kampani ya sitima ya CEAR,
Limbe.

Mabwana,

Ndalemba kalatayi pofuna kukuthokozani chifukwa cha momwe antchito anu a pa njanji akumachitira zinthu mvula ikafika poopsa. Ndine mayi wa geni. Ndimapikula mpunga ndi matemba ku Nayuchi n'kukagulitsa ku Balaka, ndipo katundu wanga amayenda pa sitima. M'dzinja misewu yafumbi ya kwathu kuno imasanduka matope okhaokha, agalimoto n'kukweza mtengo mmene akufunira, ndiye ambirife chiyembekezo chathu chimakhala pa njanji basi.

Ife a m'mbali mwa njanji tikudziwa bwino zimene madzi amachita. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji ku Chiromo, sitima n'kuleka kufika ku Bangula, ndipo ana amene anabadwa chaka chimenecho kumeneko anakula osamvapo kulira kwa sitima. Mu 2003 mlatho wa Rivirivi unapita ndi madzi, Lilongwe n'kudukana ndi kummwera pa njanji kwa nthawi yaitali. Kalelo zoterezi zinkabwera mwa apo ndi apo, munthu n'kumazikamba ngati mbiri. Pano zikungotsatizana: madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, namondwe wa Ana amene anaononga damu la Kapichira mu 2022, kenaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anatenga miyoyo yoposa 1,000 ndipo anagumula phiri la Soche pamwamba pa anthu a ku Chilobwe. Njanji yathu ya ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970, ndipo chakumapeto kwake imadutsa m'dera lachidikha, pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, kumene madzi akabwera sathamangira kuchoka. Amene ankayeza kukula kwa milatho ndi makalavati nthawi imeneyo ankaganizira mvula ya masiku awo, osati iyi ikugwa usiku umodzi wokha n'kudzaza dambo lonse.

Chimene chandikakamiza kugwira cholembera ndi zimene ndinaona dzinja lapitali. Mvula inali itagwa usiku wonse. Titapitirira Liwonde, sitima inayamba kuyenda mwakachetechete, kenaka inaima pathengo popanda siteshoni. M'bogi mwathu munabuka phokoso. Wina akuti injini yafa, wina akuti mafuta atha, amayi a tomato akudandaula kuti katundu awaolera. Wantchito wanu mmodzi anayenda bogi ndi bogi kutiuza modekha kuti aliyense akhale pamalo pake, pasapezeke wotsika, chifukwa kutsogolo kuli madzi ndipo anzawo akukaona kaye. Ndinasuzumira pawindo. Patsogolo panali abambo awiri ovala majombo ndi zovala zowala zija, wina atanyamula mbendera yofiira, wina chitsulo chachitali. Pa kalavati panali pataunjikana mapesi, zitsa ndi nthambi, moti madzi ankalephera kudutsa pansi ndipo anali atakwera kufika pa miyala imene imagwira njanji. Wachitsulo uja ankabaya m'mbali mwa chiunda cha njanji, dothi lounjika limene njanji imakhalapo, kubaya apa, kusuntha pang'ono, kubayanso, kumvetsera ngati dothi lalowa. Anachotsa zinyalala zija ndi mafosholo, madzi n'kuyamba kutsika ife tikuona. Komabe sanakweze dzanja nthawi yomweyo. Analankhula kaye pa wayilesi ndi akuofesi, anadikira, ndipo sitima itanyamuka inawoloka pamalopo pa liwiro la munthu woyenda pansi, bambo wa mbendera ali patsogolo.

Tinafika mochedwa, inde, ndipo ena mpaka lero amati kunali kungotitayitsa nthawi poti njanji inkaoneka yabwinobwino. Ine ndimawayankha ndi zimene mmodzi wa abambo aja anandifotokozera titafika. Anati choopsa kwambiri ndi njanji yooneka yabwinoyo. Madzi amadya dothi chapansi, miyala n'kutitimira, koma zitsulo zimakhalabe zolumikizana, zili lende pamwamba pa dzenje. Woyendetsa ali m'injini amangoona mizere iwiri yowongoka. Ndipo sitima si njinga yoti ungoponda pansi n'kuima. Yodzaza katundu imatha kuyenda mtunda wautali mabuleki atagwidwa kale. Anandiuzanso kuti zimenezi amaphunzitsidwa ndi kukumbutsidwa mvula isanayambe: malo amene amavuta, zoyenera kuyang'ana, woyenera kumuimbira, ndi kuti wantchito wapansi akakweza mbendera yofiira palibe woti n'kumutsutsa.

Mfundo yomalizayi ndi imene ndikuthokozera kwambiri. Kugula zitsulo ndi simenti n'kwa ndalama, aliyense amene ali nazo angathe. Koma kumupatsa mphamvu munthu wa fosholo kuti aimitse sitima yonse, iye osaopa kuti mawa akamufunsa chifukwa chake wachedwetsa ulendo, pamafunika akuluakulu omvetsa. M'malo ambiri antchito wamng'ono amaona vuto koma amangoti kukamwa tseke, poopa kuoneka wamatama. Pa njanji mantha oterowo angaphe anthu odzaza mabogi. Njira imeneyi ndi yomweyo imene pamadutsa sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, komanso feteleza ndi mafuta olowa m'dziko muno. Kalavati imodzi ikagonja, ovutika si a ku Machinga okha.

Chilimwenso chili ndi zake. Mu Okutobala dzuwa likaswa mtengo, chitsulo chimafutukuka ndipo njanji imatha kupindika. Ndimawaona anyamata anu akuyendera njira masana dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ife tonse tabisala pansi pa mango. Amenewanso muwafikitsire kuthokoza kwanga, ndipo madzi akumwa asamawasowe.

Poti ndayamba kale kulankhula, ndiloleni ndipemphe kanthu. Antchito anu sangakhale paliponse nthawi imodzi, koma m'mbali mwa njanji muli midzi, ndipo woyamba kuona kuti madzi adya chiunda amakhala mlimi wolawirira kumunda kapena mwana wopita kusukulu. M'midzi yambiri muli kale makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi amene amagwira ntchito ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozizi, ndi makhonsolo, ndipo machenjezo a nthambi yoona zanyengo timawamva pa wailesi ndi pa WhatsApp. Bwanji pophunzitsa antchito anu muziitanako anthu awiri atatu a m'makomitiwa, ndi mafumu, kuti nawonso adziwe chizindikiro choimitsira sitima ndi nambala yoimbapo? Nambalayo ilembedwe ndi zilembo zikuluzikulu pa siteshoni iliyonse ndi pa milatho. Mbali yathu nafenso tiivomere: mapesi amene anatseka kalavati tsiku lija sanagwe kumwamba, anachokera m'minda yathu yomwe ena alima mpaka kufika m'tsinde mwa njanji, ndipo mitengo imene inkagwira madzi kumtunda tinaotcha makala ndife. Mafumu akamva zimenezi kuchokera kwa anthu amene amayenda pa njanjiyo tsiku ndi tsiku, adzazitenga mozama kusiyana ndi kungowerenga pa chikwangwani.

Maina a abambo awiri aja sindinafunse, koma a ku ofesi yanu adziwa gulu limene limayendera chigawo cha pakati pa Liwonde ndi Nayuchi. Chonde kalatayi ikawerengedwe pamaso pawo.

Ndine wanu,
Mayi wa geni, Nayuchi, Machinga.