Imene ija si AK-47, ndi Bren

Mkonzi,

Pa tsiku lokumbukira asilikali amene anatsikira kuli chete pa nkhondo, munasindikiza chithunzi cha msilikali wa King's African Rifles ali ku Burma mu 1944, pansi pake n'kulembapo kuti wanyamula AK-47. Zandiwawa kwambiri. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija inatha mu 1945. AK-47, mfuti imene anapanga Mikhail Kalashnikov, ndi ya 1947, ndipo asilikali a Soviet Union anailandira mu 1949. Nanga mnyamata wa ku Nyasaland akanaitola kuti m'chigwa cha Kabaw ku Burmako?

Ili pachithunzipo ndi Bren, mfuti yachiwaya yopepuka ya Angerezi. Chakusokonezani ndi magazini yokhota ija, molongamo zipolopolo. Koma taonani pamene yakhala. Ya AK-47 imalowera kunsi, ya Bren imakhala pamwamba, n'chifukwa chake zoyang'anira polunjika anaziika chakumanzere. Kutsogolo ili ndi timiyendo tiwiri. Imalemera pafupifupi makilogalamu 10 ndipo inkafuna anthu awiri, wowombera ndi mnzake wonyamula magazini ndi mpope wapadera, poti mpope ukatentha ankauchotsa n'kuikapo wozizira.

Zipolopolo zake ndi za .303, zofanana ndi za mfuti ya Lee-Enfield imene asilikali ambiri ankanyamula, ya zipolopolo 10 yokoka ndi dzanja ukawombera kamodzi. Zili ndi mkombero kumbuyo. Polonga, mkombero wa chapamwamba uyenera kukhala kutsogolo kwa wa chapansi. Ukapita kumbuyo zimakolana, mfuti n'kungoti zii adani ali pafupi. Magazini ya Bren imalowa 30, koma ankalongamo 28 kuti sipuling'i isafooke. Akatha kuwombera ankathira madzi owira mumpope kuti achotse mchere wotsalira, apo ayi chinyezi cha ku Burma chinkadzetsa dzimbiri msangamsanga. Agogo athu, ambiri osapita patali ndi sukulu, zonsezi ankazidziwa pamtima, ndipo moyo wawo unkadalira pomwepo.

Lero mfuti iliyonse kwa atolankhani ndi AK. Ya apolisi AK, ya opha njovu AK, ngakhale gogodela wosula kumudzi AK. Mwa amene anapita ku Burma otsala ndi owerengeka, ndipo timawakumbukira kamodzi pachaka mu November. Tsiku limodzi lomwelo n'kuwanamizira?

Konzani cholakwikachi patsamba lomwe lija, osati pakona. Ulendo wina musanalembe, tumizani chithunzi kwa asilikali ku Cobbe Barracks ku Zomba akuuzeni dzina la mfutiyo.

Wowerenga wanu,
Zomba